A Sajeni, mnzathu wa pa desiki yakutsogolo

  Alembi andiuza kuti ndikamaliza ndiwapatse pepalali, ndiye ndayesetsa kulemba mooneka, ngakhale pena ndizituluka m'mizere. Mundipirire.

Lamulungu likubwerali, pa 9 November 2025, dziko lathu likumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo. Pa zipilala za ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu akuluakulu adzaika nkhata, lipenga lidzalira, ndipo ikadzakwana 11 koloko anthu adzakhala chete kwa mphindi ziwiri. Ife kuno ku Neno sitikafikako, tidzangomvera pa wailesi. N'chifukwa chake ndapempha mpata uno kuti tikumbukire msilikali mmodzi wa kwathu konkuno. Iyeyu sanafere ku nkhondo. Anabwerako wamoyo, n'kudzakhala nafe m'kalasi zaka ziwiri, ndipo tinamuika m'manda mwezi wa May chaka chino. Dzina lawo sinditchula poti sindinapemphe kubanja, komanso palibe wa ife amene ankawaitana ndi dzinalo. Tonse tinkangoti a Sajeni.

Amene tinali limodzi ku sukulu ya masana, ija timalowa ana a m'mawa akaweruka, mukukumbukira tsiku loyamba la Fomu 3 mu 2022. Dzuwa la kuchigwa kuno mukulidziwa, malata anali kuthetheka ngati pakukazingidwa chimanga. Tinangoona pakhomo patulukira bambo wa imvi, malaya oyera opisira bwino, nsapato zowala moti ukanatha kudziyang'anirapo. Tonse tinaimirira n'kupereka moni wa aphunzitsi. Iwo anangoti, "Khalani pansi, ine ndi mnzanu." Anakakhala pa desiki yakutsogolo, mawondo akugunda thabwa, n'kutulutsa makope okutira ndi nyuzipepala, lililonse lolembedwa dzina la phunziro. Anali ndi zaka 54. Aphunzitsi athu a masamu anali aang'ono kwa mwana wawo woyamba.

Ndinene zoona, tinawaseka. Tinawapatsa dzina lakuti Madala a Fomu 3. Ena ankati penshoni yawatha ndiye akufuna pobisalira dzuwa, ena ankati abwera kudzatizonda. Iwo ankamva zonsezo koma sankayankha. Sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, chikhalirecho ankapalasa njinga mtunda wautali kuposa tonsefe. Tsiku lawo losesa likafika, atsikana ankathamangira kuwalanda tsache, iwo n'kumakana kuti, "Dzina langa lili pa mndandanda, asese ndani?"

Chimene chinkatinyansa kwambiri chinali dzanja lawo. Aphunzitsi akangoti "mwamva nonse?", ife n'kuyankha limodzi kuti eee, dzanja lija linkakwera. "Aphunzitsi, ine sindinamve. Bwerezani." Tinkadandaula chapansipansi poti tinkafuna kuweruka. Koma lero ndivomere pamaso panu: kawirikawiri inenso ndinkakhala ndisanamve, kungoti ndinkaopa kuoneka mbuli. Ankabwerezera a Sajeni, opindula n'kukhala tonse. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'kalasi muja phula tikanadya ambiri pakanapanda dzanja limene lija.

Tsopano ndikuuzeni za tsiku limene ndimachita nalo manyazi. Sukulu yathu ili pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Mwanza. Tsiku lina tili pakati pa phunziro la Geography, tayala la lole linaphulika pamsewupo. Phuu! Ife tinangodzidzimuka basi. A Sajeni sanadzidzimuke ngati ife. Tisanaphethire n'komwe anali atagona chafufumimba pansi pa desiki, dzanja limodzi atagwetsera nalo pansi mtsikana amene ankakhala nawo pafupi, lina ataphimba mutu. M'kalasi munangoti zii. Kenaka wina kumbuyo anakuwa kuti, "A Sajeni, Renamo yafika!" Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Amene anakuwa uja ndinali ine. Ena mukudziwa, ena mukumva lero.

Anadzuka, n'kusasa fumbi pa malaya oyera aja, n'kupepesa mtsikana uja. Kenaka anati, "Pepani aphunzitsi, tipitirize." Ndinaona cholembera chikunjenjemera m'manja mwawo mpaka phunziro linatha. Poweruka anandidikira pa geti. Mtima unali phaphapha, ndimati lero ndiona mbama ya msilikali. Koma anangoti, "Mphwanga, undiperekeze." Anakankha njinga, ine ndikuyenda pambali, mpaka tinakafika pamene pamaoneka njanji ija imadutsa sitima za malasha zochoka ku Moatize kupita ku Nacala. Tinakhala pansi pa mlambe. Ndipomwe ndinamva koyamba kuti munthu amene tinkamusekayu anali ndani.

Anabadwira konkuno mu 1968. Atalemba JC bambo awo anamwalira, fizi n'kusowa. Mu 1987 analowa usilikali, n'kukachita maphunziro ku MAFCO ku Salima. Nthawi imeneyo ku Mozambique kunali nkhondo ya pachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, imene inayamba mu 1977 n'kudzatha ndi pangano la ku Rome mu October 1992. Ifeyo tinabadwa nkhondoyo itatha kalekale, koma agogo athu amaikumbukira, chifukwa anthu oposa 1 miliyoni anathawira m'dziko muno, ndipo ena mwa iwo anakhala pa kampu ya Luwani m'boma lathu lomwe lino. Chimene ambirife sitidziwa n'chakuti asilikali a Malawi nawonso anapita kumeneko. Dziko lathu lilibe doko lakelake. Mafuta, feteleza ndi katundu wina zinkadalira njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Nkhondo itatseka njira zimenezi, katundu ankazungulira ku Durban pa mtengo wokwera. Ndiye kuyambira mu 1987 boma linatumiza asilikali kukalondera njanji yochoka ku Nayuchi kulowera ku Nacala. A Sajeni, ali mnyamata wa msinkhu wangawu, anali m'gulu la anyamata amenewo.

Sanandiuze nkhani za ungwazi ayi. Anandiuza za ludzu, za kugona m'tchire nsapato zili kumapazi, za kuyenda patsogolo pa sitima maso ali pansi kuopa mabomba okwirira. Anandiuza za mnzawo amene ankagawana naye chikho chimodzi cha tiyi. M'mawa wina mnzawoyo anali patsogolo, iwo pambuyo pang'ono. Kunamveka phokoso limodzi lokha. Pamenepo anasiya kulankhula kwa kanthawi, akuyang'ana njanji. Kenaka anati, "Mutu umadziwa kuti lija ndi tayala. Koma thupi silinapite ku sukulu. Limangokumbukira zake." Anandiuzanso kuti usiku wa Khirisimasi ndi wa chaka chatsopano, ana akamaphulitsa makombola, iwo amadzitsekera m'nyumba n'kukweza wailesi.

Ndinayesa kupepesa, mawu akukanirira pakhosi. Iwo anati, "Zatha. Koma chindapusa chilipo. Ndamva kuti Chingerezi umachitha. Uzindiphunzitsa." Umu ndi mmene unayambira ubwenzi wathu. Loweruka lililonse masana ndinkapita kwawo. Tinkakhala pa khonde, mayi a kunyumba n'kutibweretsera thobwa, ife tili pa chimangirizo ndi mafunso a zaka zam'mbuyo. Pa khonde paja ankanditchula kuti aphunzitsi, ndipo sankanena mwachipongwe. Ine ndikawathandiza Chingerezi, iwo ankandibwezera ndi mapu. Pa nkhani ya mapu panalibe wowaposa m'kalasi monse. Timizere tija tosonyeza kukwera kwa phiri, timene ife tinkangoona ngati ukonde wa kangaude, iwo ankangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti apa pali chigwa, madzi ayenda chonchi, munthu wanzeru adutsa uku. Malikisi amene ndinapeza pa Geography, theka ndi awo.

Pa khonde lomwelo ndinamva zina za ulendo wawo, pang'onopang'ono, chifukwa sankakonda kukamba zonse nthawi imodzi. Analipo mu December 1993 pamene asilikali analanda zida a Payoniya pa ntchito ija inatchedwa Bwezani, miyezi yochepa anthu atavotera matipate ambiri. Za imeneyo ankangoti, "Kulozetsa mfuti Mmalawi mnzako si chinthu chonyadira, ngakhale pamene pakufunika kutero." Mu 2013, ali kale bambo wa ana akuluakulu, anapita kum'mawa kwa DR Congo. Chaka chimenecho bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu lapadera la asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, lopatsidwa mphamvu zolimbana ndi zigawenga, ndipo mu November gulu la M23 linagonja. Anabwerako, ndipo patapita zaka zingapo anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi kudzaweta mbuzi.

Tsiku lina ndinawafunsa funso limene tonse tinali nalo: munthu mwayenda chonchi, penshoni mukulandira, mukuvutikiranji ndi sukulu? Anaseka. Anati ku Congo zikalata zambiri zinkabwera m'Chingerezi chozama, ndipo kangapo konse ankaitana kamnyamata kongolowa kumene ntchito kuti kawamasulire mobisa, iwo ali mkulu wake. Anati atapuma ntchito, aliyense wofuna kuwalemba ankangowaonera ntchito imodzi, ya ulonda. "Ndalondera njanji, ndalondera dziko la eni, ndizikalonderanso geti ya munthu? Ndikufuna pepala langa la Fomu 4. Kaya sindikaligwiritsa ntchito, koma ndilione ndi maso angawa. Ndinalisiya panjira ndili mwana, ndabwerera kudzalitola."

Tinalemba MSCE mu 2024. Tsiku loyamba oyang'anira mayeso anawaimitsa pakhomo poganiza kuti ndi kholo loperekeza mwana, mpaka anaonetsa chiphaso. Zotsatira zitatuluka ine ndinakhoza. A Sajeni anakhoza maphunziro asanu, Geography ndi Agriculture anachita bwino kuposa ambirife. Koma Chingerezi anapeza 9. Inu mukudziwa lamulo la MANEB: ukagwa Chingerezi satifiketi palibe, kaya kwinako wakhoza bwanji. Ndinapita kwawo ndili ndi mantha ngati wolakwa ndine. Ndinawapeza akumanga khola la mbuzi. Anati, "Aphunzitsi, musagwe nkhope. Tabwerera m'mbuyo pang'ono kuti tikonzekere bwino. Ndilembanso." Ndipo analipiradi ndalama ya mayeso a 2025.

Apa ndi pamene nkhani yanga ikuwawa. Nditakhoza ndinayamba kudziona wotanganidwa. Ndinapeza ganyu pa shopu ina pa Zalewa, ndinali kudzaza mafomu a makoleji, ndinali ndi anzanga atsopano. Loweruka loyamba ndinalephera, lachiwiri ndinapita, lachitatu ndi lachinayi osapita. Pofika Khirisimasi ndinali nditasiyiratu.

Kumapeto kwa January 2025 munamva pa wailesi kuti M23 yalanda mzinda wa Goma, ndipo asilikali atatu a Malawi amene anali pa ntchito ya SADC aphedwa. Sabata imeneyo ndinakumana nawo pamsika. Anali ataonda, maso ofiira. Anati sakugona. Anati, "Malo omwe aja, mphwanga. Gulu lomwe lija tinkati latha. Ana amene afawo mwina ndi msinkhu wa mwana wanga." Kenaka anasintha nkhani msanga, monga mwa chizolowezi chawo, n'kuti, "Ubwere Loweruka, ndalemba zimangirizo ziwiri zikufuna cholembera chofiira." Ndinati ndibwera. Sindinapite. Mu March ananditumizira uthenga pa foni: "Aphunzitsi, kalasi ikudikira." Ndinayankha kuti sabata ya mawa. Mu April anatumanso mdzukulu wawo. Ndinati ndikangolandira malipiro ndibwera. Mu May anagwa ali kumunda, BP itakwera. Anakhala masiku atatu osalankhula, n'kumwalira, kutatsala milungu yochepa kuti mayeso ayambe.

Pa maliro panabwera azibambo angapo amene anagwira nawo ntchito, ena oyendera ndodo, atavala mamendulo pa majekete akale. Bokosi likutsika anaimirira mzere umodzi n'kuchita sawatcha. Ife a m'kalasi tinaima kumbuyo, ndipo ndinaona anyamata amene tinkaseka limodzi aja akupukuta m'maso. Titamaliza, mayi a kunyumba anandiitanira kuseri n'kundipatsa jumbo. Munali dikishonale, mapepala a mayeso akale, ndi kope. Anati, "Bambo anu ankati izi n'za aphunzitsi awo." Sanandidzudzule. Ndikanakonda akanandikalipira, mwina zikanapepuka. M'kopemo munali zimangirizo zisanu ndi chimodzi, chilichonse chili ndi deti pamwamba, ndipo pansi pa chilichonse anasiya mizere itatu yopanda kanthu, malo oti ine ndilembemo ndemanga. Ndinazichonga zonse usiku womwewo. Ziwiri zomaliza zinali zokhoza.

Sindikunena kuti ndikanapita sakanamwalira. BP siimva Chingerezi. Koma ndikanapita, miyezi inayi yomaliza ija akanakhala ndi munthu pa khonde Loweruka masana, pa nthawi imene tulo tinali titawathawa. Chimenecho chinali m'manja mwanga, ndipo ndinachitaya ndi mawu akuti mawa.

Anzanga, dziko limadziwa kulemekeza msilikali amene wafera ku nkhondo, ndipo n'koyenera. Ambiri munamvapo za Private Chancy Chitete, mmodzi mwa asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi amene anaphedwa kufupi ndi Beni ku Congo mu November 2018. Iye anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu May 2019 United Nations inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yoperekedwa kwa osungitsa mtendere amene aonetsa kulimba mtima kwapadera. Dzina limenelo tisaliiwale. Koma alipo ena ambiri amene anabwerako ndi miyendo yonse iwiri, nkhondo n'kubwera nayo m'thupi. Amenewo alibe chipilala. Tili nawo m'midzi mwathu muno, kwa Symon, kwa Mlauli, kwa Chekucheku, kwa Dambe. Timakumana nawo pachigayo ndi kutchalitchi. Wina timamutcha wolusa, wina chidakwa, wina timati mutu sukuyenda bwino. Ndani wa ife anakhalapo naye pansi n'kumufunsa kuti, bambo, munali kuti, munaona zotani? Ine ndinafunika kuchita chipongwe kaye kuti ndimve. Inu musadikire zimenezo.

Ndiye ndabwera ndi mapempho atatu, ndipo a wapampando mundilole kuti tikambirane lero lomwe tisanabalalike.

Loyamba: Lamulungu likubwerali tikatuluka m'mapemphero, tigawane awiriawiri, tikachezere asilikali opuma amene ali m'midzi yathu, pamodzi ndi amayi amasiye a asilikali. Tisapite ndi makamera, tisapite kukajambula zoti anthu atiyamikire. Tipite ndi nthawi yathu. Akafuna kukamba timvere, akapanda kufuna tiwathandize kutunga madzi kapena kukonza khola, tibwereko. Ndipo tikapeza wina amene sagona, amene phokoso limamugwetsa pansi, tisaseke. Tilankhule ndi abale ake kuti amuperekeze kuchipatala, chifukwa kuvutika maganizo ndi matenda ngati ena onse, ndipo thandizo lake limapezeka.

Lachiwiri likupita kwa inu amene mayeso sanakuyendereni bwino. Ndikudziwa muli muno, ndipo ena munasiya kubwera ku kalabu chifukwa cha manyazi. Ena mwandiuza kuti kubwereza n'kutaya nthawi, bola kuotcha makala kapena kuyendetsa kabaza kapena kutsika ku Joni. Sindikunyoza ntchito ya munthu, ndipo ndikudziwa kuti fizi siigwa kumwamba. Koma ngati chokuletsani ndi manyazi okha, akuti ndakula, anzanga andiseka, ana a Fomu 1 azindiloza, kumbukirani munthu wa zaka 54 amene anakwanitsa mawondo ake pansi pa desiki ya ana, tikumuseka, n'kugwa mayeso, n'kukalipiranso. Iwe uli ndi zaka 19 kapena 22. Ukuti wachedwa chiyani?

Lachitatu ndi langa. Dikishonale ija ndi mapepala aja ndabwera nazo, zili m'jumbo ili apa. Sizikhala kunyumba kwanga, zikhala m'bokosi la kalabu kuti aliyense azibwereka. Ndipo kuyambira Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, ine ndizipezeka pano ndi cholembera chofiira. Aliyense wokonzekera MSCE abwere tidzaone Chingerezi, kaulere. Ngati muli ndi amalume, azakhali kapena mayi amene anasiyira sukulu panjira ndipo amalakalaka atabwerera, muwauze kuti mpando wakutsogolo ndi wawo. Amene mumatha masamu ndi sayansi, ndikupemphani mudzandithandize, poti ine kumeneko ndi mlendo. Ndanena izi pagulu dala. Mukadzaona Loweruka lina ndajomba popanda chifukwa, mudzabwere kunyumba mudzanditenge, ndipo ndikadzati mawa musadzandimvere.

Kwa banja la a Sajeni, ngati mawuwa akufikani: zikomo potibwereka bambo anu zaka ziwiri. Pepani pa zimene tinawachita tisanawadziwe, ndipo pepani kuti ine ndinachedwa.

Tsopano ndipemphe tonse tiimirire. Tisadikire Lamulungu. Tikhale chete mphindi ziwiri, kukumbukira mnzathu wa pa desiki yakutsogolo, mnzawo uja wa chikho chimodzi cha tiyi, ndi onse amene anapita osabwerako. Mzimu wawo uuse mumtendere.